Mbale Imene Selina Anatola

Aliyense woweta nkhuku pa Mzimba Boma amamudziwa Selina Shaba. Ndi mtsikana wamfupi uja woyenda pa njinga yakapalasa, kabokosi ka katemera atakamangirira kumbuyo, wosaseka wamba. Anthu amati ndi waukali. Sanabadwe choncho ayi. Ukaliwo unayamba chaka chimene ankamaliza maphunziro a za ziweto ku koleji ina ku Lilongwe, ndipo unayambira pa mbale.

Bambo ake anali a ku Edingeni. Mayi ake, a Lucia, ndi Achewa a ku Dowa amene anabwera kuno kudzagwira ntchito yokolopa m'chipatala. Bambowo atamwalira Selina akadali wamng'ono, a Lucia anakana kukakhala kumudzi kwa amuna awo. Analerera mwana pa Boma, m'kanyumba ka lendi kuseri kwa msika. Selina anakula ndi Chichewa cha mayi ake, Chitumbuka n'kumachitola kusukulu ndi pamsika. Ku Edingeni ankangopita pa maliro ndi pa Khirisimasi. Miyambo ya kwawo kwa bambo ake ankaidziwa ngati nyimbo yoimvera m'minibasi: mawu awiri atatu, kwinako kungong'ung'udza.

Teremu yomaliza inali yowawa kale nkhaniyi isanabwere. Amene anamaliza zaka zam'mbuyo ankawaona m'tauni akugulitsa kaunjika, mapepala awo ali m'sutikesi. M'chipinda chogona atsikana nkhani inali imodzi basi: tikatuluka muno tikatani? Selina chakudya chinasiya kulowa, tsitsi n'kuyamba kutsalira m'chipeso.

Ndiye pa katchuthi kakafupi mayeso asanayambe, bambo ake aakulu, a Wallace, anamuimbira foni. Anati abwere kumudzi adzamudalitse asanalembe. Selina anapita mtima uli mbee.

Anapeza alendo pakhomo, abambo ali pamipando pansi pa mtengo wa mango, amayi ali pamphasa. Pakati pawo panali mbale ziwiri zovundikirana, zomangidwa m'kansalu. Ankhazi ake, ndiye kuti mlongo wa bambo ake, anamukodola.

"Mwana wane, tola mbale iyo, upereke kwa adada ako."

Selina anayesa ndi mtedza wokazinga wa alendo. Anagwada, n'kutola, n'kupereka kwa a Wallace ndi manja awiri. Mkulu wina mwa alendowo anamuyang'ana akumwetulira, iye n'kunena mwaulemu kuti, "Yewo."

Nthungululu imene inalira pamenepo inadzidzimutsa ndi nkhuku zomwe.

Kuno mbale yovundikira yobwera ndi thenga, munthu wotumidwa kudzafunsira mbeta, satola wamba. Mtsikana akaitola n'kupereka kwa bambo ake, wavomera mwamuna. Akaisiya pomwepo, wakana. Mwana wamkazi aliyense wa ku Edingeni amadziwa zimenezi asanamere ndi mawere omwe. Selina sankadziwa, ndipo amene anamutuma ankadziwa bwino lomwe kuti sakudziwa.

Mwamunayo dzina lake anali Cedric, wa mudzi wa kutsidya kwa dambo, koma wokhala ku Joni. Anamuonetsa pa foni atatsamira galimoto yoti mwina sinali yake.

Alendo atapita, Selina anaima pamaso pa a Wallace osagwada.

"Adada, palibe anandiuza."

"Mbale imalankhula yokha," anayankha a Wallace akutokosa m'mano. "Watola, wati yewo, anthu amva. Mbwenu."

"Ine ndimaphunzira za ziweto, sikuti ndine chiweto."

"Ona pakamwa pa Chichewa! Pepala lakolo lidzabereka thole? M'chibaya changa mulibe ng'ombe ndi imodzi yomwe chigwereni matenda aja. Mwana wanga Gregory, mchimwene wako, wakula, ndevu zafika apa. Ng'ombe zobwera chifukwa cha iwe ndi zimene zikalowole mkazi wake. Umo ndimo timachitira ife. Amama ako ife tinawalowola ndi ng'ombe za ankhazi akowa, kodi unamva akulira?"

Ankhaziwo anayang'ana kumbali.

Pa Boma, a Lucia atamva anaponya chikolopa pansi.

"Anthu amenewa! Anatenga njinga ya bambo ako ndi mabulangete omwe, dothi la pamanda lisanaume. Lero akufuna mwana!"

Anatukwana mpaka mawu kusasa. Kenako anakhala pa mpando.

"Koma mwanangu, kuno mwana ndi wa kuchimuna. Ine ndine wobwera. Ndikatsegula pakamwa ati Mchewa uja wayamba. Komanso ntchito zake zili kuti masiku ano? Mwina mnyamatayo ndi wabwino."

Mawu amenewa anamupweteka Selina kuposa a a Wallace. Anabwerera ku koleji osatsanzika bwino.

Kumeneko buku lililonse limene ankatsegula munali ng'ombe. Akati awerenge za nkhupakupa, m'maso mwake munkabwera kansalu kaja ndi manja ake awiri akutola. Ankadzitukwana yekha, kenako n'kutukwana ankhazi ake, kenako malemu bambo ake chifukwa chofa osamuphunzitsa kanthu. Cedric anayamba kutumiza mawu pa foni, akumutchula kuti madamu. Ankati akangomaliza sukulu akakhale kaye ndi apongozi, aziwathandiza fodya, mpaka iye atakonza zoti amutenge. Selina ankawadziwa akazi otere. Adzaza m'midzi yonse ya kuno: amadikira munthu wa ku Joni mpaka imvi, akumva mphekesera zoti kumeneko kuli wina.

Mnzake wogona naye chipinda chimodzi, Tikondane wa ku Ntcheu, anayesa kuseka.

"Mwali, ife tikusakasaka ntchito, iwe wapeza kale. Bwana wamkulu wosoka fodya wa apongozi!"

Selina anamugenda ndi silipasi. Tikondane anaitola, n'kusiya kuseka.

"Koma zoona, ukakana ukadya chiyani?"

Funso limenelo ndilo linkamuwotcha kwambiri Selina. Akanakhala ndi ntchito yomudikira, kukana kukanakhala kophweka. Analibe kalikonse koma pepala loti sanalilandire n'komwe.

Mayeso atatsala pang'ono, Gregory anamutumizira chithunzi. Chibaya chija, khola la a Wallace, sichinalinso chopanda kanthu. Ng'ombe zoyamba zinali zitafika, iye ataima pakati pake mano onse pamtunda. Selina anatseka buku, n'kukakwera basi.

Anafika ku Edingeni dzuwa lili paliwombo. A Wallace anali m'chigafa akusankha fodya. Selina sanapereke moni. Analowa m'nyumba, n'kutsitsa mbale zija pamwamba pa kabati, n'kuzimangirira kumsana ngati mwana. Atatero analunjika kuchibaya n'kuyamba kusolola mitengo ya pakhomo.

"Mwe ŵanthu, mwana wafuntha!" anakuwa ankhazi ake. "Wapenga uyu!"

A Wallace anatuluka masamba a fodya ali m'manja.

"Selina! Ukatuluka nazo pamenepo, dzina la Shaba ulisiye pompo."

"Dzina anandipatsa ndi bambo anga, osati inu. Ng'ombezi si zanga, si zanunso. Zikupita kwawo."

"Unatola wekha mbale!"

"Munandinamiza! Munati mudzandidalitsa. Dalitso lake ndi limeneli?"

Ng'ombe ankazidziwa. Zaka zonse za ku koleji anali akuzigwira makutu ndi kuzitsegula pakamwa. Anathyola kamtengo, n'kuimba likhweru, zonse n'kutuluka mwa ndawala. Gregory anathamanga n'kudzaima panjira, manja atatambasula. Sanakalipe. Anangoti chapansipansi,

"Mlongo, nanga ine?"

Apa Selina anaima kaye, chifukwa Gregory ndiye ankamunyamula paphewa ali mwana powoloka dambo lomwelo. Koma anakumbukira mano aja a pachithunzi.

"Achimwene, limani fodya mugule zanu. Ine si msika wa ng'ombe."

Gregory anapatuka.

Ulendo wa kutsidya unali wautali chifukwa cha maso a anthu. Amayi anasiya mijigo, abambo anatuluka m'zigafa. Chidakwa china chinafuula pa golosale kuti, "Onani mkwatibwi akudzilowola yekha!" Anthu anaseka. Selina sanacheuke, fumbi lili m'kamwa, misozi yaukali ikutsika yokha, iye osaipukuta.

Kwa bambo ake a Cedric anapeza mkuluyo akusema goli. Apa ndiye anagwada, pakuti munthuyu sanamulakwire. Anamasula mbale kumsana, n'kuziika pansi patsogolo pawo, zovundikira monga momwe zinabwerera. Analankhula m'Chitumbuka chake chothyokathyoka, kuti pasadzapezeke wonena kuti sanamve.

"Nkhamanyanga yayi. Sono namanya. Nakana."

Ndiye kuti sindinkadziwa, tsopano ndadziwa, ndakana.

Mkuluyo anayang'ana mbale, n'kuyang'ana ng'ombe zake zikudya msipu wa pakhomo ngati sizinachokepo. Kenako anati, "Yewo." Yewo ameneyo sanali wothokoza, koma anatola mbale zake.

Mayeso Selina analemba mutu ukuwawa, ndipo anakhoza mosadzitamandira. Pa tsiku lovala gauni wophunzira aliyense anapatsidwa mipando iwiri ya abale. Pa umodzi panakhala a Lucia, atavala chitenje chatsopano. Pa winawo anaikapo chikwama chawo. Dzina la Shaba litaitanidwa, a Lucia analiza nthungululu okhaokha, yaitali, ya ku Dowa, mpaka anthu kutembenuka.

Ntchito ya boma mpaka lero sinabwere. Selina amagula katemera wa chitopa n'kumazungulira m'makomo, kuyambira pa Boma mpaka ku Engutwini, kudontheza m'maso mwa nkhuku za anthu. Masiku ena amabwerako ndi kanthu, masiku ena ndi matope okha. Ku Edingeni samuitana, ngakhale pa maliro amangomva kwa ena. Gregory sanakwatirebe. Akakumana pamsika, Gregoryyo amayang'anitsitsa tomato mpaka mlongo wake adutse, ndipo tsiku limenelo Selina amakalipira aliyense.

Alimi amamukonda chifukwa nkhuku zawo sizikufa, koma amadandaula chinthu chimodzi. Akamaliza ntchito, mayi wa pakhomo n'kumubweretsera mbatata kapena maungu m'mbale yovundikira, Selina manja amaika kumbuyo.

"Vundukulani kaye, amama," amatero, "ndione chili m'katimo."