Ndinasintha mayina pa webusaiti ya sukulu

Ndine ndinasintha mayina a timapulogalamu toyendetsa webusaiti ya sukulu yathu kuno ku Chezi. Timapulogalamuto tonse tinkadziwika ndi manambala ofananafanana, moti mnzanga Tiyamike anazimitsa kolakwika, zithunzi zonse n'kusowa, iye n'kukalipiridwa mpaka kulira. Lachitatu ndinalowamo mwakachetechete n'kulemba kuti "Ka zithunzi", "Ka zotsatira za mayeso", "Aka musakhudze".

"Walowamo popanda chilolezo ndani? Ameneyo atuluka m'kalabu ya makompyuta!" anatero aphunzitsi a Banda.

Ine ndinangoyang'ana nsapato zanga, mpaka ndinagwedeza nawo mutu ngati ndadabwa. Zimenezo ndiye zikundichititsa manyazi, osati kusinthako. Mawa ndiwauza kuti ndine. Andichotse ngati akufuna, koma manambala aja sindiwabwezeramo.