Tsiku Limene Agogo Anaimvanso Galimoto Yawo

Fungo la gazolina ndi fumbi likandipeza, ngakhale ndili pakati pa mzinda wa Tete, ndimaona mapazi awiri ong'aluka zidendene atatulukira kunsi kwa galimoto yofiira, pamthunzi wa mango kwathu ku Mualadzi. Anali mapazi a agogo a Tomasi, bambo awo a mayi anga, ndipo paubwana wanga ndinawaona kawirikawiri mapaziwo kuposa nkhope ya eni ake.

Galimotoyo sinali yoyenera kumudzi. Inali ya mipando iwiri yokha, yaifupi ngati yagwada, moti pamsewu wathu wa zigwembe mimba yake inkakhula pansi, ndipo thumba la chimanga silikanalowamo. Agogo anabwera nayo kuchokera ku Zambia, kumene anathawira nkhondo n'kukagwira ntchito pagaraja. Anaipeza itatayidwa kuseri, nkhuku zikuikiramo mazira, n'kumaikonza pang'onopang'ono mpaka inadzuka. Anzawo pobwerera kwawo anasenza mphasa ndi malata. Iwo analowa m'mudzi ali m'chimenecho, agogo aakazi ali pambali pawo, mphika uli pamiyendo.

Pamene ndinkafika msinkhu wopita ndekha kuchitsime, makutu a agogo anali atayamba kutseka. Powaitanira chakudya tinkachita kuwagwira paphewa. Kusamva anthu sikunkawadandaulitsa kwenikweni, koma kusamva injini kunkawadya mumtima. Magiya ankangosintha mongoganizira, galimoto n'kumadzuma, ndipo tsiku lina inawazimira pakati pa msika iwo osadziwa, akupondabe mafuta, anyamata a njinga akugwa ndi phwete.

Nkhaniyo itawafika amalume a Zuze, mwana wawo woyamba amene ankachita malonda ku Nsadzo, anabwera. Anakhala pakhonde ndi mayi anga n'kuyamba kukamba, agogo ali pomwepo akusema mpini wa khasu.

"Chinthu chimenechi chigulitsidwe," anatero amalume akuloza galimoto. "Wogula ndamupeza kale. Bambowa akalamba, tsiku lina adzagunda mwana wa eni."

Agogo sanamve mawuwo, koma chala anachiona.

"Zuze, ukuloza chiyani?"

"Palibe, bambo, tikungocheza."

"Ukamacheza za katundu wanga uziyang'ana kuno. Afa ndi makutu, ine ndilipo."

Amalume atapita, agogo anamanga mbuzi zawo ziwiri, n'kuziguza kulowera cha kumalire. Anakhala masiku angapo. Pobwera mbuzi panalibe, koma anasenza chinthu chachitali chokulunga m'masaka. Atachimasula pabwalo tinaona chitoliro chonyezimira ngati mpeni watsopano, kukamwa kwake kotakasuka moti chibakera changa chinkalowa. Iwo ankachitcha ekizozi, monga ankanenera kugaraja ku Zambia. Anyamata a kwathu ankati sikape. Chinali chitoliro chotulutsira utsi, koma cha mtundu umene suletsa phokoso.

Popeza galimoto inali yaifupi, agogo anakumba dzenje lalitali pansi pa mango, n'kuikankhira pamwamba pake, matayala ataponda mbali ziwiri. Ndimakumbukirabe kulira kwa chitsulo m'mawa umenewo, nyundo ikugogoda, dzimbiri likuyoyokera m'maso mwawo, fungo la parafini amene ankathira pamabawuti ouma likusakanikirana ndi utsi wa kukhitchini kumene mayi ankakazinga mtedza. Bawuti wina anakana mpaka anathyoka, chitsulo n'kuwasenda zala. Anangopukutira magazi pabuluku, natenga sowo n'kudula chitoliro chakalecho, chinagwa pansi ngati nthambi yofumbwa.

Chatsopanocho chinali chonenepa kuposa malo ake, choncho anadula chitini cha mafuta ophikira n'kukulunga polumikizira, ndipo zopachikira anazisema kuchokera kutayala lakutha. Chinatsala n'chakuti munthu wina achigwire m'mwamba iwo akumanga. Anyamata amene ankaonerera anabwerera m'mbuyo, poopa kuti amalume adzamva kuti anathandiza.

Agogo aakazi anasiya lichero, namanga chitenje chawo mwamphamvu, napinda nkhata ngati akupita kukatunga madzi. Anatsikira m'dzenjemo, nagwada, n'kuchisenza chitolirocho pamutu.

"Amayi, tulukanimo, anthu akukuonani," anatero mayi anga.

"Aone. Munthu uyu anandibereka kumsana powoloka mtsinje tikuthawa. Ndilephere kumugwirira chitsulo?"

Dzuwa litafika pamutu anatuluka onse awiri, akuda bii. Agogo analowa m'galimoto osasamba n'komwe, napotokola kiyi. Chimene chinatuluka kumbuyoko sindinachimvepo chibadwire. Chinabangula mpaka ndinachimva m'mimba, njiwa zinabalalika padenga, agalu anathawira kuseri kwa nkhokwe, ndipo mwana wa ng'ombe wa kwa aneba anadula chingwe. Agogo anaponda mafuta, nasiya, napondanso, mutu ataupendeketsa. Kenaka misozi inayamba kutsika, ikulemba mizere pankhope yamafutayo.

"Ndaimva!" anafuula, akuyang'ana agogo aakazi. "Anabanda, ndaimva!"

Chimwemwecho sichinakhalitse. Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala amayi a Rozina, amene amuna awo anawomberedwa nthawi ya nkhondo iwo akuona. Tinawapeza m'munda wa chimanga atagona chafufumimba, mdzukulu wawo wakhanda ali kunsi kwawo, dzanja atamutseka nalo pakamwa.

Agogo atauzidwa, anavula chipewa, napita kukakhala pansi padothi patsogolo pawo.

"Ndimayesa abweranso," anatero amayi a Rozina, agogo aakazi n'kubwereza mawuwo mokweza pakhutu la amuna awo.

"Pepani, amayi, ndalakwa posakuuzani. Inenso ndinagonapo m'thengo nditamutseka pakamwa Zuze kuti asalire. Koma zija zinatha. Tinakhala chete mokwanira."

Chitoliro sanachotse. Koma kuyambira tsiku limenelo, asanalize galimoto, agogo aakazi ankayamba aima pampanda n'kufuula kuti, "Amayi a Rozina, akuluwa akufuna kuyamba misala yawo!" Yankho likabwera, ndi pamene kiyi ankapotokoledwa. Pobwerako agogo ankazimitsa injini akadali patali, n'kuikankha galimotoyo podutsa pakhomo la mayiwo, thukuta lili kamukamu.

Amalume anabweranso, ulendo uno ndi wogula uja, bambo wa nsapato zonyezimira. Amalumewo anali atamva kale zonse, chifukwa akulu a mpingo anawadandaulira kuti nyimbo imaima agogo akamafika patchalitchi.

"Bambo, mwasokoneza mudzi wonse!"

"Lowa," anatero agogo, akutsegula chitseko.

Amalume anazengereza, koma pamaso pa mlendo sakanakana. Tinaimva galimoto ikutsetsereka kumtsinje, ikukwera chitunda, giya iliyonse ikulowa pa nthawi yake popanda kudzuma. Atabwerako amalume anatuluka tsitsi lili mbuu ndi fumbi, koma sanagonje. Anawerama n'kulankhula pakhutu penipeni.

"Injini mwaimva, chabwino. Nanga mwana akakuwa pamsewu mudzamumva?"

Funsolo linali loona.

"Mwanayo adzandimva ine ndikadali kutsidya kwa mtsinje," anayankha agogo. "Ndipo tsiku limene ndidzaone kuti sindingathenso, ndidzanena ndekha. Usandiike m'manda ndikupuma, Zuze." Kenaka anatembenukira kwa mlendo. "Mwayenda mtunda wautali, bambo. Idyani kaye. Koma pano palibe chogulitsa."

Amalume anachoka osadya, ndipo dzinja lonse sanaponde pakhomo pathu. Mayi ankalira mobisa chifukwa cha udaniwo, agogo aakazi n'kumangoti abwera akatopa. Anabweradi nthawi yokolola, koma za galimoto sanazitchulenso.

Agogo anayenda nayo zaka zingapo, osagunda ngakhale nkhuku. Tsiku lina anabwera kuchokera kumsika, naikankha monga mwa masiku onse, n'kukhala pakhonde nthawi yaitali. Atatero anaitana agogo aakazi n'kuwaika kiyi m'manja.

"Lero mbuzi ndaiona mochedwa. Maso ayamba. Sungani."

Sanayendetsenso. Palibe amene anawauza, palibe amene anawalanda.

Mwezi wathawu msuweni wanga, mwana wa amalume a Zuze, anandiimbira foni. Amalume tsopano ndi nkhalamba, manja amanjenjemera, koma amakwerabe njinga yawo yamoto kupita kumunda. Ana awo anali atagwirizana kuti aigulitse mwakachetechete, adzangowauza kuti yawonongeka, ndipo ankafuna kuti inenso ndivomereze, popeza ndimagwira ntchito kuchipatala ndipo mawu anga amamveka.

Mwina akunena zoona, mwina njingayo iyeneradi kuchoka. Koma ndinamufunsa kumene eni ake anali pamene iye ankalankhula nane.

"Ali pompano pakhonde, koma sakutimva."

"Apatse foni," ndinatero. "Ndilankhule ndi iwowo."