Mango a m'zitini

Amuna anga atapuma pa ntchito ya uphunzitsi, tinabwerera kwathu kufupi ndi Mkaika. Ndikati kwathu ndikunena kumene ndinabadwira ine. Iwo kwawo ndi ku Vubwi. Zaka zonse za ukwati wathu tinkakhala m'nyumba za pasukulu, lero ku Sinda, mawa ku Katete, ndipo sitinabzalepo mtengo ndi umodzi womwe. Ubzalirenji poti chaka chamawa akusamutsa? Ndiye alongo anga aakulu, amene ndiwo eni mbumba kwathu, atatilozera malo omangapo, mumtima ndinati basi, tsopano ndidya mango a pakhomo panga.

Malowo anali munda wakale wa thonje, pambalambanda penipeni, popanda ndi chitsamba chomwe choti nkhuku ibisalepo kabawi. Dzuwa linkatitsatira mpaka pakhonde, ndipo mphepo ikawomba fumbi linkalowa m'ndiwo.

Mvula itangoyamba, aphunzitsi, amuna angawo, anapita ku boma kukagula mbande. Ndimawaitana choncho mpaka lero, makamaka akandipsetsa mtima. Ndinawauza bwinobwino kuti mango, mapeyala ndi malalanje. Anabwera ndi katoni pa njinga, ine kusuzumira, ndikuona timitengo ta masamba ang'onoang'ono tokhatokha.

"Nanga izi n'chiyani?"

"Uyu ndi gilisidiya, amayi. Uyu cham'mwamba. Awa mapapaya. Chaka chimodzi chokha, tikhala pamthunzi."

"Mango anga ali kuti?"

"Mango amachedwa."

"Kuchedwa kuti? Tili pa ulendo kodi?"

Anangoseka n'kutenga khasu. Mawa lake anakadula nthambi za nkhadze n'kuzizika mozungulira bwalo kuti ukhale mpanda. Munthu amene ankatha mwezi wathunthu akuganiza zogula nsapato, tsopano ankathamanga ngati pali amene akumupirikitsa. Zinandiimitsa mutu.

Kunena zoona, mitengoyo inakula mochititsa mantha. Pofika mvula inzake gilisidiya anali atapitirira denga la khitchini, masamba a cham'mwamba tikuthyola ndiwo, mapapaya atayamba kulendewera. Amayi anzanga a kutchalitchi ankayima pamsewu n'kumati, "Koma pano ndiye pasanduka!" Ine ndinkavomera ndi mano okha.

Tsiku lina kunabwera alongo anga aja. Sanakhale pampando ayi. Anazungulira bwalo lonse manja ali kumbuyo, akuyang'ana mtengo uliwonse ngati akusankha mbuzi pamsika.

"Alamu, iyi imakhala zaka zingati?"

"Aa, iyi ndi yongodula, alamu. Nkhuni, manyowa a m'munda, basi. Mapapayawa zaka zitatu agwa okha."

"Chabwino, chabwino. Mwachita bwino."

Atatero ndiye anakhala pansi n'kumwa thobwa. Ine ndinayang'ana uyu, ndinayang'ana uyo. Amuna awiri aakuluakulu kukamba za papaya ngati akuweruza mlandu! Ndinafunsa aphunzitsi alendo atapita, iwo anati ndi nkhani za mitengo chabe.

Ndinati kaya, manja ndili nawo anga. Ndinakwera minibasi, ndinakagula mbande zinayi za mango olumikiza, ndinakumba maenje ndekha kuseri kwa nyumba n'kubzala. Patapita masiku awiri ndinapeza maenje ali yasa, mango mulibe. Ndinatukwana mbuzi za m'mudzi monse, eni ake akumva. Kenaka ndikupita kukatenga nkhuni, ndinawapeza mango anga onse anayi ali m'zitini za penti, atandandalikidwa bwinobwino pansi pa gilisidiya, dothi lake lonyowa. Mbuzi yanji yodziwa kuthirira?

Ndinawapeza aphunzitsi akunola chikwanje.

"Inu, mwayamba misala? Mukuzula mitengo yanga?"

"Sindinaiphe, amayi. Onani, ili bwinobwino."

"Ndikufunsa chifukwa!"

Anaika chikwanje pansi. "Anthu akaona mango pano sadzati mwabzala ndinu. Adzati mkamwini uja wayamba kuzika mitengo yokhalitsa, akufuna malowa adzakhale a abale ake a ku Vubwi."

Ha! Mkamwini? Inde, mwamuna wokhala kwawo kwa mkazi ndi mkamwini, ndinakula ndikulimva liwulo. Koma ndinkaliona ngati la anyamata ongokwatira kumene, olima m'munda wa apongozi. Osati nkhalamba ya imvi iyi, imene yaphunzitsa theka la ana a dera lino, imene inasenza bokosi la maliro a amayi anga.

Ndinathamangira kwa alongo anga, chitenje chikukwekwereka. Iwo anadabwa kuposa ine.

"Ife taletsa ndani? Palibe amene wanenapo kanthu. Alamu ndi munthu waulemu, amadziwa okha."

"Amadziwa chiyani?"

"Mwakhalitsa m'masukulu, mlongo wanga."

Ndinabwerako mutu utaima monga kale, mwinanso kuposa. Palibe analetsa, palibe analola, koma mango anga ali m'zitini. Ndikwiyire ndani? Ndili m'njira ndinakumbukira atate anga. Amayi atamwalira, mwambo womasula atate pa ukwati utachitika, iwo anamanga mphasa ndi kachikwama pa njinga n'kubwerera kwawo. Ine nthawi imeneyo ndinali pabanja kale, ndipo ndinkati angosowa abale awo. Ndinayesa kukumbukira mtengo umodzi umene anabzala pakhomo paja, zaka zonse zimene anakhalapo. Sindinaupeze.

Aphunzitsi ndinawapeza atakhala pamthunzi wa gilisidiya wawo. Ndinakhala pambali pawo, ukali utandithera.

"Pano ndi panu," ndinatero. "Nyumbayi mwamanga ndinu. Mawa mukumbe maenje, ine ndikauza mudzi wonse kuti ndakutumani."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndikumba, amayi, si vuto. Koma tandiuzani. Mukadzatsogola ndinu, mango amenewa ine ndidzadya nawo?"

Ndinkafuna kunena kuti inde, koma inde ameneyo si wanga wopereka. Pa tsikulo ine sindidzakhalapo. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti munthu ndagona naye mphasa imodzi zaka zonsezi, ndipo sindinadziwe kuti ankasankha mitengo poyesa masiku amene adzaloledwe kukhala pansi pake. Ndinalira, iwo n'kumandiuza kuti anthu akuona.

Maenje aja sanakumbidwe. Iwo sanayambitsenso nkhaniyo, inenso ndinachita mantha kuiyamba. Mango anakhala m'zitini momwemo, ndipo tonse awiri timawathirira, aliyense pa nthawi yake, ngati sitikuonana.

Sabata yatha ndikusesa ndinafuna kusuntha chitini chimodzi. Chinakana. Ndinagwada kuyang'ana: chitini chinachita dzimbiri pansi, muzu unaboola n'kulowa m'nthaka. Ndinayesa zinazo, zitatu mwa zinayi zagwira. Ndinawaitana aphunzitsi. Anawerama, anagwedeza chitini, anayang'ana kumsewu, kenaka anayang'ana ine.

"Ameneyu sindinabzale ndine," anatero.

"Inenso ayi."

Kenaka anapita kukatenga ndowa ya madzi.