Womvera Matabwa

Ligi ya basiketi ya amayi itayamba, matimu anali asanu ndi imodzi, ndipo ankasewera m'mawa chifukwa madzulo holo inali ya amuna. Mlongoti anali m'gulu loyambalo. Dzinalo anamupatsa chifukwa cha msinkhu. Yunifolomu zinali zotsala kwa amuna, ndipo ndi iye yekha amene sanapite nayo kwa telala kukabweza. Anasewera zaka zisanu ndi zinayi. Bondo litakana, anamupatsa makiyi a holo.

Lero matimu alipo khumi ndi awiri, osewera ali pa malipiro, makamera a TV amabwera. Koma pansi ndi pomwe paja, matabwa akale ofufuma mvula ikayamba. M'mawa wa gemu iliyonse Mlongoti amayenda holo yonse akudunditsa mpira, mzere ndi mzere, atapendeketsa mutu. Thabwa labwino limayankha mwamphamvu. Limene lasiyana ndi misomali limayankha ngati chifuwa cha wodwala. Pamenepo amalemba mtanda ndi choko, kalipentala n'kudzakhoma.

Mng'ono wake ali ndi shopu ya nsalu kutali, ulendo wa tsiku lonse pa basi, ndipo anamukonzera chipinda zaka zitatu zapitazo.

"Achemwali, bedi lanu pakugona amphaka," amatero pa foni. "Kodi holoyo munakwatiwa nayo?"

"Akanakhala mwamuna ndikanamusiya kalekale."

Chaka chatha anapitadi, milungu iwiri yokha, kukayesa. Asanabwerere, kaputeni wa timu ina anatera pa thabwa lomasuka, bondo n'kupotoka. Palibe anamuloza chala Mlongoti. Kaputeniyo amabwerabe kudzaonera magemu ali ndi ndodo, ndipo amapereka moni mwaulemu: "Anti, mwaswera bwanji?" Moni umenewo ndi umene umamulemera.

Sizoni ino ofesi inamupezera wolowa m'malo, bambo wina amene anali mlonda wa pageti. Mlongoti anamuphunzitsa miyezi iwiri, chikwama atalongedza kale. Lachisanu lomaliza anamuyesa. Anasiya dala thabwa limodzi lodwala osalilemba, pafupi ndi mzere woponyera.

Bamboyo anayenda holo yonse, mpira ukudunda. Anadutsa pathabwapo osaima. Pobwerera anadutsaponso.

"Zonse zili gwa, mayi. Mukhoza kukwera basi yanu."

"Dunditsani apa."

Anadunditsa. "Ndikumva mpira."

"Nanga apa?"

"Mpiranso. Ine makutu anga anazolowera agalu ndi mahutala, mayi." Anaseka. "Kapena inu mumamvera kumapazi?"

Mwina zinali zoona. Mlongoti anatera pa matabwa amenewa kambirimbiri, ndipo sankadziwa njira yoikira zimenezo m'khutu la munthu wina.

Anakwera ku ofesi. Mlembi wa ligi anamupatsa mpando, n'kumuuza kuti matabwa atsopano ali m'mapulani. Mawu omwewo anali atawamva kwa alembi atatu.

Potsika anapeza atsikana a timu yoyeserera masana ali pakhomo, akumanga zingwe za nsapato, akulimbirana botolo la madzi.

"Anti Mlongoti, tilowe?"

"Dikirani kaye."

Anagwada movutikira, bondo likulira, nalemba mtanda, natuma bamboyo kukaitana kalipentala. Kenako anatuluka panja n'kuimbira mng'ono wake kuti Lamlungu asavutike kupita ku depoti.

"Ndiye Lamlungu liti, achemwali?"

"Mvula ikatha," anatero, naika foni m'thumba chifukwa m'kati kalipentala anali akufunsa thabwa lake ndi liti.