Dilesi la Nayiloni ndi Simbi ya Makala

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi chaka chimene fodya wa abambo anachita bwino ku okushoni. Pobwerera kwathu kwa Wimbe anandigulira dilesi la nayiloni, lapinki, lonyezimira, loti ndivale poperekeza ukwati wa azakhali anga. Masitepe tinayeserera mwezi wathunthu, ndipo wotsogolera mzere ndinali ineyo.

M'mawa wa tsikulo ndinalivala ndisanasambe n'komwe. Amayi anali pakhonde, akusita jekete la abambo.

"Iwe Esinati, vula dilesilo umange chitenje, udzandikupizire simbiyi," anatero. "Nayiloni sagwirizana ndi moto."

Kuvula? Ine? Atsikana anzanga onse atandandalika pachigafa kundisirira? Ndinangonyamula simbi ya makala ija n'kuyamba kuiponya uku ndi uku kuti makala ayake, uku ndikudzigwedeza kuti dilesi lioneke bwino. Chotsekera chinatseguka, timakala tinamwazika.

Kamodzi kanagwera pachitenje chathonje cha amayi. Anangomenya ndi dzanja, n'kutsala kabowo ngati kanjere ka chimanga. Kena kanandipeza kumbuyo. Nsalu ija inanyala n'kusungunuka ngati jumbo, bowo likukula, zosungunukazo n'kumata pakhungu. Mayo ine! Ndinavina masitepe amene sitinayesererepo. Amayi anandinyamula n'kundikhazika m'beseni la madzi ozizira amene abambo ankati asambe. Abambo anangoima poteropo, sopo ali m'manja.

"Musamatule, muchotsa ndi khungu lomwe!" amayi anakalipa, azakhali atatambasula dzanja.

Kuchipatala anandimanga bandeji, ndipo kutchalitchi ndinafika mochedwa, nditavala yunifolomu ya sukulu. Ndinakhala chammbali, thako limodzi lili m'mwamba. Kutsogolo kwa mzere kunali msuweni wanga Lonesi, amene sankasiyanitsa mwendo wamanja ndi wamanzere. Bala linkawawa ndithu, koma chimene chinandiliza ndi Lonesi.

Chipsera ndikadali nacho, pamalo osaonetsa anthu. Lero ndikagula zovala za ana pakaunjika, ndimasolola kaulusi n'kukayatsa ndi machesi. Kakasanduka phulusa, ndi thonje: nalonso limapsa, koma silimata pathupi. Kakapanga kampira kolimba, chovalacho sichiyandikira mbaula. Ana amati ndimawachititsa manyazi. Achite manyazi, bola akhale pansi ndi matako onse awiri.