Wotchi ya a Belmiro

A Belmiro Fragoso amanga nyumba za eniake ku Luxembourg kuyambira ali ndi tsitsi, koma wotchi yawo sinasamukepo ku Porto. Kwawoko nthawi imatsalira ndi ola limodzi, ndiye iwonso amatsalira ndi ola limodzi: kuntchito, kutchalitchi, kumaliro. Akuti ngakhale chimfine chimawapeza anzawo atachira kale.

"Nthawi yakuno njobwereka," amatero. "Yeniyeni ili pamkono pangapa."

Chaka chilichonse ankapita kwawo pagalimoto, tsiku lonse ndi usiku womwe, ndipo galimoto yako siikusiya. Koma Lurdes, mwana wawo wa ku Porto, atabereka mwana wamwamuna, anawagulira tikiti ya ndege, ulendo wa maola awiri ndi theka basi, ubatizo madzulo a tsiku lomwelo.

"Ababa, mukachedwa, mwanayu sakhala Belmiro, akhala Anacleto, dzina la apongozi anga aamuna," anatero pafoni. "Sindikuseka."

Anacleto! Munthu wothira madzi mu vinyo! A Belmiro anakankhira kutali mbale yawo ya nsomba ya mchere.

Ndege inali yonyamuka wani koloko masana. Lurdes, powadziwa bambo ake, anauza mayi ake, a Odete, kuti ndi thwelofu. A Odete, powadziwa amuna awo, anauza a Custódio, oyandikana nawo amene anati awaperekeze, kuti ndi leveni. A Custódio anabwera pakhomo nkhope ili gwa.

"Achimwene, teni koloko. Ndege si Odete, siidikira munthu."

Ndiye a Belmiro, mantha a Anacleto atawagwira, anachita zomwe sanachitepo chibadwire: anachotsaponso ola lawolawo.

Anafika pabwalo la ndege okolopa asanamalize kukolopa. Jekete yaukwati, mkazi kumbuyo, keke pamiyendo. Anakhala. Anamwa khofi. Anakhalanso. Anawonetsa wapolisi khoma lopindika, namuuza kuti amene anamanga apo amangidwe.

"Odete, ndege yathu yatisiya kapena sinagulidwe?"

"Khalani pansi, bambo inu. Lero mulawe zomwe ndakhala ndikudya ine chikwatiwireni."

Mundege anatseka maso, nagwira dzanja la mkazi wawo ngati mwiko wa simenti. Sanamalize n'komwe kutchula oyera mtima onse, matayala anagunda pansi.

"Tafika? Ndiye msana wanga ndinkauthyoleranji zaka zonsezi?"

Anthu onse anali pikitipikiti kubweza mawotchi awo. A Belmiro anayang'ana yawo, nayang'ana yapakhoma. Ndendende! Anakweza mkono kuti Porto yense aone.

"Mwaonatu? Dziko lonse ndi limene limafulumira!"

Kutchalitchi anafika ansembe asanavale mkanjo, ndipo mwana anabatizidwa Belmiro. A Anacleto analowa m'tchalitchimo madzi atauma kale pamutu pa mwanayo.

A Belmiro anagogoda wotchi ndi chala, nawanong'oneza mwachifundo: "Asewere, kusunga nthawi ndi ulemu."