Chilimwe Chimene Agogo Anasema Ayisi

Ndikakumbukira chilimwe chimene ndinali mu Sitandade 5, choyamba kubwera m'maso mwanga ndi chimwala cha ayisi chili pachiguduli pakhonde pathu, chikufuka nthunzi ngati mbatata yongophula kumene, chikhalirecho ukachigwira zala zikuchita dzanzi. Tinkakhala pa Lisungwi, kuseri kwa msika, m'kanyumba ka malata kamene masana kankasanduka uvuni. Kutentha kwa Okutobala kumeneko n'kosasimbika. Nyenje zinkayamba kulira dzuwa lisanafike n'komwe pamwamba pa milambe, mbuzi zinkalimbirana mthunzi pansi pa ngolo, ndipo mphepo ikati iwombe inkangobweretsa fumbi ndi fungo la usipa wa mumsika. Bambo ankagwira ntchito kutali, ndiye chimene chinkatidyetsa chinali filiji ya amayi, yogona ija yotsekulira pamwamba, mmene ankaumitsiramo filizesi wa malambe ndi wa bwemba. Ntchito yanga m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu inali kutulutsa kandowa ka madzi oundana, kukavundikira pachiguduli, kuthira timadzi kumbuyo kwake mpaka ayisi atapulumuka yekha, kenako kumuphwanya ndi munsi n'kuyala zibenthuzo m'bokosi la filizesi kuti katundu asasungunuke msika usanathe.

Agogo aamuna, bambo awo a amayi, anabwera kudzakhala nafe chilimwe chomwecho. Ankachokera kumapiri, ku Nsambe, kozizira, kwa tirigu, kachewere ndi mapichesi, kumene anakhala pa chikamwini kuyambira ali mnyamata. Agogo aakazi, a Nangozo, anali atamwalira m'dzinja la chaka chomwecho, ndipo anthu atakolola, mwambo wosudzula utachitika, agogo anangozindikira kuti asanduka mlendo pakhomo pamene mitengo yonse anabzala ndi iwo. Palibe anawathamangitsa, amayi ankatero, koma palibenso amene anawauza kuti khalani. Kumudzi kumene anabadwira, anthu owadziwa onse anali atagona kumanda. Anafika pa matola atanyamula chikwama cha zovala ndi thumba la zida zawo, pakuti moyo wawo wonse anali wosema ziboliboli: mvuu, njovu, amayi osenza mitsuko, zimene ankapita nazo ku Blantyre kukagulitsa kwa alendo.

Thumbalo linalowa pansi pa bedi, osatulukanso. Agogo amene ine ndinkawadziwa patchuthi, onunkhira utuchi wa mlombwa, amene ankandiseka kuti ndine mkazi wawo wamng'ono koma waulesi wosatha kuphika, anali atatsala kumapiri. Awa ankangokhala pampando pakhonde, chipewa chili pabondo, maso ali kumene mapiri ankaoneka mwa chizimezime mu utsi wa moto wa m'tchire. Phala ankalidya pang'ono n'kusiyira ntchentche. Ife tikamasewera fulaye pabwalo, mpira ukagwera pamapazi awo, ankangouyang'ana. Malaya anayamba kuwakulira. Amayi anawapezera chipika cha mtengo wabwino kwa ootcha makala, koma chinangokhala pakona mpaka tinachisonkhera moto. Tsiku lina ndinamva amayi akuuza mnzawo wa mumsika kuti, "Bambo angotsala thupi lokha. Mvula ikubwerayi kaya aiona."

M'mawa wina, munsi uli m'mwamba kuti ndiphwanye ayisi, ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Taima kaye, iwe. Bwera nacho kuno chimenecho."

Ndinakoka chiguduli mpaka pamapazi awo. Matalala ankawadziwa, chisanu chimene chimayera paudzu ku Nsambe mu Juni ankachidziwanso, koma madzi olimba aakulu ngati dzungu anali asanawagwirepo. Anasisita ndi chikhatho, anagogoda ndi chala n'kutchera khutu monga ankachitira ndi mtengo pofuna kumva ngati uli ndi mphako, kenako anapala ndi chikhadabo. Panatuluka tiufa toyera.

"Kodi chimenechi chilibe mitsempha, eti?" anatero. "Kanditengere thumba langa."

Tsiku limenelo ndinachedwa kusukulu. Tchizulo itangogogodedwa kamodzi, chimwala chija chinalira kuti phwa, n'kugawanika. Agogo anayang'ana zibenthuzo nthawi yaitali, anapukusa mutu n'kuseka pang'ono, kuseka kwa m'mphuno, koyamba chibwerereni. Kenako anakoka mbale ya phala n'kuyamba kudya maso ali pa ayisi, ngati munthu amene wapeza mnzake wolimbana naye. Amayi anatulukira atakonzeka kukalipa chifukwa bokosi linali lisanapakiridwe, koma maso awo anagwera pa mbale ija ili mbee, yokombedwa. Madzulo ake ndinapeza m'filiji muli tindowa tiwiri.

Kuyambira pamenepo ine ndi agogo tinalowa sukulu imodzi, mphunzitsi wake ali ayisiyo. Choyamba chimene tinazindikira n'chakuti ayisi wongotuluka kumene m'filiji ndi waukali. Amafunika kumusiya kaye pamthunzi mpaka kuyera kwa pamwamba kuja kutachoka, iye n'kuyamba kutuluka thukuta ndi kunyezimira, ndipo akatero amamvera. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," agogo ankatero ndikamawafulumiza poopa belu la kusukulu. Kasemasema anamubwezera m'thumba chifukwa ayisi safuna kumenyedwa. Ankayamba ndi kasowo kochotsera makona, kenako tchizulo ankangoikankha ndi dzanja, osaigogoda, ndipo inkayenda ngati mpeni pa papaya wakupsa, tizibenthu tikuwazikira m'miyendo mwathu. Posalaza ankagwiritsa kumbuyo kwa supuni yoviika m'madzi ofunda, pena chikhatho chawo chomwe. Chibenthu chikathyoka posafunika, ankakhudzitsa mbali zonse ziwiri pa simbi yofunda pang'ono n'kuzigundanitsa, ndipo zinkagwirana ngati sizinasiyanepo. Mbali yanga inali kugwira chiguduli kuti chimwala chisaterereke, kuchitembenuza akandiuza, ndi kuonetsetsa kuti pambali pali beseni la madzi ofunda loti aziviikamo zala zikauma ndi kuzizira. Anandiphunzitsa kuti chopyapyala n'chimene chimayamba kutha, ndiye khutu, mchira ndi mlomo uzizisiya zonenepa, dzuwa lidzamalizitsa lokha.

Mbiri inawanda. Loweruka ana a kuseri kwa msika ankasiya phada ndi jingo n'kudzaunjikana pakhonde pathu, akukankhana, manja ali m'mwamba kuwakha tizibenthu toti aziyamwa. Tinaona nsomba yokhala ndi mamba ake, njiwa, ndi mvuu imene inayasamula m'mawa wonse mpaka nsagwada itagwa dzuwa litalowa pakhonde. Kamnyamata kena kanalira mvuu ija itatha, ndipo agogo anakauza kuti yangobwerera kwawo kumtsinje. Koma iwo eni sankakhutira. Pakati pa chimwala chilichonse pankakhala mtambo woyera wodzaza timpweya, wofooka, umene unkang'aluka tchizulo ikafikapo. Tinayesa madzi a pampopi, a pamjigo, ndi osefa pansalu. Pomaliza tinapeza kuti tikawiritsa madzi n'kuwaziziritsa, ndowa yake n'kuikulunga nsanza m'mbali ndi pansi kuti aziuma pang'onopang'ono kuchokera pamwamba, ayisi ankatuluka woonekera ngati galasi, mtambo uja utathawira pansi pamene unkatheka kuudula ndi sowo.

Zitatero agogo anapempha amayi ndowa yaikulu yotungira madzi. Sananene chimene ankafuna kusema, ndipo amayi sanafunse, ngakhale ndowayo inadya malo a filizesi wambiri pa nthawi imene malonda ake anali pachimake. Inkafunika masiku angapo kuti igwire mpaka pakati. Ili pafupi kugwira, magetsi anazima m'mawa, osabweranso mpaka mawa lake. Ndimakumbukira amayi akuvula mabulangete onse m'mabedi, kufunditsa filiji ngati wodwala malungo, n'kundiopseza kuti ndikangotsekula ndiona chomwe chinameta nkhanga mpala. Kunja kunali ng'anjo, anthu ankalondola mpaka kunyumba kudzafuna filizesi, koma amayi ankawabweza ngakhale katundu anali momwemo. Agogo anachoka pakhonde n'kukakhala pafupi ndi filijiyo tsiku lonse, dzanja lili pamwamba pa bulangete. Magetsi atabwera, filizesi wapamwamba anali atasanduka madzi, koma ndowa ija inali italimbikira, ndipo pofika Loweruka inali itagwira yonse.

Loweruka limenelo agogo analawirira. Anavala malaya awo oyera a kutchalitchi, anabweza ana onse mwaulemu kuti abwere tsiku lina, ndipo tinakokera chimwala chija kuseri kwa nyumba, kumene mthunzi unkachedwa kuchoka. Sanaime n'kumaganiza monga ankachitira ndi nyama zija. Manja ankangopita ngati akudziwa njira. Poyamba ndinaona mapewa ndi mutu, ndipo ndinayesa kuti ndi mayi wosenza mtsuko. Kenako panaoneka duku, mfundo yake ili pambali, pamwamba pa khutu, osati kumbuyo monga amamangira amayi ena. Mutuwo sunali woongoka. Unapendekeka pang'ono, monga amachitira munthu amene khutu limodzi silimva akamakutcherera labwinolo. Atatenga msomali n'kulemba timphini patsaya, manja anga anasiya okha chiguduli. Ndinathamangira kukhitchini.

"Amayi, tabwerani mudzaone agogo aakazi!"

Amayi anabwera akupukuta manja pachitenje, akundikalipira kuti ndisamaseweretse dzina la malemu. Atakhota pakona ya nyumba anaima. Kenako anakhala pansi pafumbi pomwepo, n'kuitana motsitsa, "Mayi." Pakhomo pathu panalibe chithunzi cha a Nangozo. Chimodzi chokha chimene anajambulitsa chinadyedwa ndi chiswe kalekale, ndipo mafoni ojambula anali asanafike kwathu.

Agogo anaika tchizulo pansi n'kuviika zala m'beseni.

"Iwe mwananga unawaona nkhope amayi ako," anatero, maso ali pa ayisi. "Ine uthenga unandipeza mochedwa ku Blantyre. Msewu unali matope okhaokha, galimoto zitatitimira. Ndinakwera mapiri aja wapansi, koma ndinapeza anthu akusamba m'manja pochokera kumanda. Munthu woti ndakhala naye moyo wonse, osamutsanzika."

"Nanga bambo, bwanji osawasema pamtengo, tiziwaona masiku onse?" amayi anafunsa misozi ikutsika.

"Wa mtengo sangachoke, mwananga. Bwenzi ndikungokhala naye m'nyumba, ine n'kumatha pang'onopang'ono. Awa ndikufuna ndiwaperekeze basi."

Tinakhala atatu pamenepo, kumsika osapitako. Mthunzi unafupika, dzuwa linafika pamfundo ya duku, ndipo nkhope yonse inawala mpaka kuthobwa m'maso. Kwa kanthawi inakongola kuposa mmene anaisiyira, zipsera za tchizulo zitafafanizika, masaya atasalala ngati a namwali, ndipo agogo ananong'ona kuti ndi mmene analili tsiku limene anawaona koyamba akupuntha tirigu. Amayi anayambitsa nyimbo ya pamaliro chapansipansi, agogo n'kulowetsa besi yawo yosasa. Timphini tinayamba kutha, kenako maso, kenako mphuno imene anaisiya dala yonenepa. Ine mtima unandipweteka, ndinadzuka kuti ndithamangitsire chotsalacho m'filiji, koma agogo anandigwira mkono ndi zala zawo zozizira, osandisiya mpaka nditakhalanso pansi. Pofika masana panatsala kamwala kosalala ngati ka mumtsinje, ndi timadzi padothi timene nkhuku zinabwera kudzamwa. Agogo anavala chipewa, anaimirira, n'kunena kuti ali ndi njala.

Sabata yotsatira anapempha nthambi ya mtengo umene anzathu oyandikana nawo anagwetsa, n'kuyamba kusema mithiko, zipande ndi mipini. Pasanapite nthawi anali ndi malo awo mumsika pafupi ndi amayi, akukangana ndi ogula, akuseka ndi ana odutsa. Ayisi ankasema mwa apo ndi apo, ana akawaumiriza kambalame kapena kagalu, koma munthu sanasemenso. Anakhala nafe mpaka ine nditamaliza sekondale.

Masiku ano ndimaona pafoni anthu a m'mahotela akutali akusema ayisi ndi makina, zinthu zazitali kuposa munthu, ndipo ndimasirira ndithu luso lawo. Osema ziboliboli a mtundu wa agogo anatsala ochepa, ndipo mitengo imene ankaidalira inapita ndi makala. Ana anga ali ndi zithunzi zosawerengeka m'mafoni, za amoyo ndi za akufa, moti palibe nkhope imene ingawatayike. Koma kaya adzadziwa kukhala pansi n'kuyang'ana munthu ndi mtima wonse, podziwa kuti pofika masana sadzakhalapo. Akulu amati madzi akatayika saoleka, ndipo n'zoona, agogo sanaole kanthu. Kungoti ndili mwana ndinkayesa kuti chimene chinkawadya chinali imfa ya mkazi wawo, ndipo ndinakula kaye kuti ndimvetse zimene ananena kuseri kwa nyumba kuja: anthu amapirira kuti wokondedwa wapita, chimene chimavuta kumeza ndi chakuti anapita iwe kulibe. N'chifukwa chake lero ndikangomva kuti m'bale wadwalika kumudzi, sindidikira kuti msewu uume. Ndimatseka chitseko n'kunyamuka tsiku lomwelo, kaya kuli matope.